Zala Zitatu za Rozina

Ambuye atamandike, amayi anzanga. Atamandikenso! Abambo mwakhala kumbuyoko, alongo anga, ndakuonani. Moni nonsenu.

Dzina langa la ubatizo ndine Marita. Kwathu ndi kuseri kwa Kabudula uko, kutsidya kwa dambo. Koma ena mukundidziwa kuyambira kale, ndipo mumtimamo mukuti, "Si Mwatitha uyu?" Ee, ndine ndemwe. Musachite manyazi, dzinalo ndi langa ndithu. Lero ndaimirira kuti ndikuuzeni za pakamwa panga ndi za mwendo wa mwana wanga. Nkhani yake ndi yonunkha, abale anga. Amene simuchedwa kuchita nseru mundikhululukire, sindiikometsa ayi.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana akabadwa timamutcha dzina la malemu wapamtundu kuti dzina lisafe. Ine ananditcha Mwatitha, dzina la mng'ono wawo wa agogo anga. Sindinawaone, anamwalira ine ndili m'mimba. Koma mbiri yawo ndinaipeza ili moyo. Akuti akayamba kulalata, nkhuku zinkathawira kutchire. Akuti analalatirapo mkamwini mpaka anasiya khasu m'munda, ulendo wa kwawo osatsanzika. Ndiye ine ndikangolira ndili khanda, anthu ankati, "Mwawamva? Abwera aja." Ndisanamere ndi dzino lomwe, anali atandiweruza kale.

Pamudzi pathu anthu analipo mitundu iwiri basi. Wofatsa ndi wolongolola. Wofatsa ndiye munthu. Wolongolola ndi chinthu chongopirira nacho. Mng'ono wanga Felesiya anali wofatsa. Ine ndinali chinthu chija.

Ndipo sindinama, pakamwa ndinali napo. Ndili napo. Munthu akandiponda, mawu ankatuluka ndisanawaone. Ndikatha kulalata ndinkadzinyansa, kudzinyansa kwenikweni, ngati ndaponda zoipa ndi phazi losavala. Ndinkati, kodi Mulungu anandiumba ndi dothi lotsalira?

Nditalowa kalasi ya ubatizo ndinati basi, ndapulumuka. Madzi aja akatsuka Mwatitha, patsala Marita, woyera, wofatsa. Tsiku la ubatizo lenilenilo, tikubwerera kumudzi, mayi wina anandipondera nsalu yanga yoyera m'matope. Amayi inu! Madzi asanaume pamutu, ndinali nditamuuza kale za mapazi ake, za maso ake ndi za kwawo komwe. Sekani, sekani, nanenso lero ndimaseka. Koma tsikulo ndinalira njira yonse.

Ndinakwatiwa ndi a Banda, tinabereka mwana wamkazi, Rozina. Anali masiku aja chitaganya cha maiko atatu chija chitangoyamba, amuna akukhamukira ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu. A Banda nawo anapita. Anapita monga anapitira amuna a anzanga onse. Koma wanga yekha ndiye anali ndi chifukwa. Pamtondo ndinkamva akunong'onezana: "Athawa pakamwa paja." Tsiku lina amayi aakulu, aNaphiri, akulu awo a amayi anga, amene ankatiyang'anira tonse amayi atamwalira, anandiuza pamaso.

"Iwe Mwatitha, mwamuna sakhala pamoto. Ukapanda kutseka pakamwapo, amene uja sabweranso."

Zinandilasa. Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, ndinalumbira kuti kuyambira lero sindiyankhanso munthu. Njira yake ndinaipeza ndekha. Mawu akamabwera, ndinkatenga nsonga ya nsalu n'kuiluma. Kuluma zolimba. Mbuzi ya wina yadya chimanga changa, ndaluma. Wina wandinamizira kuchitsime, ndaluma. Dzinja lonse linatha ndikutafuna nsalu, zonse zinali zibowo m'mphepete ngati zadyedwa ndi mbewa.

Ndipo anthu anayamba kunditama. "Koma Marita wasintha!" "Mwatitha wagona tsopano." ANaphiri anafika ponena pagulu kuti, "Atsikana inu, muzionera Marita." Ine! Kuonera ine! Abale anga, chibadwire ndinali ndisanamvepo mawu otere. Anandikomera kuposa uchi. Ndinkayenda pamudzi ndikudziona ngati woyera wa pachithunzi cha m'tchalitchi. Pamenepo mpamene panali msampha wanga.

Nthawi yokumba mtedza itafika, Rozina anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anatenga khasu langa kuti ayesere, n'kudzitema paphazi, pamwamba pa zala. Bala lake silinali lalikulu. ANaphiri anabwera ndi mankhwala awo a masiku onse: masamba osinja, ndowe zaziwisi za ng'ombe, kumata pabalapo, kumanga ndi chiguduli. Sindikuwanyoza ayi. Umo ndimo anaphunzirira kwa amayi awo, ndipo ankamukonda Rozina.

Koma ine ndinkadziwa zina. Nthawi ya kalasi ku mishoni ndinkaona ndi maso anga asisitere akutsuka zilonda ndi madzi owiritsa, n'kupaka mankhwala. Ndinaona mayi wina wabwera ndi chilonda chachikulu ngati chikhatho, n'kubwerera akuyenda yekha. Ndinkadziwa. Mawu amenewa muwasunge: ndinkadziwa.

Sabata yoyamba phazi linatupa. Ndinaluma nsalu.

Sabata yachiwiri linayamba kununkha. Fungo lake silinali la chilonda wamba. Linali la chinthu chakufa chimene chagonera padzuwa. Ntchentche zinkamutsata mwanayo paliponse, zobiriwira zija. Ana anzake anakana kudya naye. Ine ndemwe, mayi wake, ndikamamunyamula ndinkatembenuzira mphuno kumbali. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinatsitsa mawu pansi penipeni.

"Amayi, kodi sitingapite naye ku mishoni mwanayu?"

ANaphiri anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wayambanso eti? Ife timati aMwatitha anagona. Ine ndalera ana angati pamudzi pano? Kununkhako ndiye kuti zoipa zikutuluka."

Ndinaluma nsalu. Mukumva? Mwana wanga akuwola ali moyo, ine ndikusamala mbiri yanga. Ndikuopa kuti anganene kuti ndabwerera. Zimandinyansa mpaka lero. Palibe ndowe imene inali yonyansa kuposa kufatsa kwanga kuja.

Sabata yachitatu, m'mawa wina dzuwa litangokwera, Rozina anandiitana pakhonde. Sankaliranso, mphamvu zolirira zinali zitatha. Anati, "Amayi, m'phazimu mukuyenda zinthu."

Ndinamasula chiguduli. Chinali chitamatirira, chinachoka ndi khungu lomwe. Mafinya anachucha m'manja mwanga. Ndipo m'katimo munali mphutsi, zoyera, zonenepa, zikupikisana. Zala zitatu zinali zitada bii ngati makala. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba, ndinasanza mpaka ndulu. Pobwerako ndinapeza aNaphiri akufika, atanyamula ndowe zina zatsopano paphale, zikadali zofunda.

Pamenepo nsalu sinakwanenso mkamwa. Ndinamenya phale lija, ndowe zinamwazikira pansalu yawo. Ndinalalata. Mawu a dzinja lonse anatuluka tsiku limodzi. Ena anali oona. Ena anali oipa kwambiri, oti sindingawabwereze m'nyumba ya Mulungu muno. Ndinawatchula mayi wondilera dzina loti munthu sutchula mnzako. Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera. Ine ndinabereka mwana wanga kumsana, ulendo wa kuchipatala cha mishoni, wapansi. Njira yonse mafinya ankatsikira m'chiuno mwanga, ntchentche zili pambuyo. Anthu okumana nawo ankapatuka atagwira mphuno.

Tinafika dzuwa litapendeka. Adokotala ataona phazilo anapukusa mutu. Zala zitatu zija anadula tsiku lomwelo. Ndiye anandiuza kudzera mwa womasulira kuti, "Phazi tiyesa. Koma kuwolaku kukakwera, tidula mwendo pansi pa bondo. Mukanabwera naye sabata ziwiri zapitazo, bwenzi tikungotsuka."

Sabata ziwiri. Nthawi yomwe ija ndinkaluma nsalu.

Ndinapita kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala. Ndinakhala padothi. Ndinayamba kudzimenya pakamwa ndi chikhatho, kumenya, kumenya, mpaka milomo inachucha magazi. Ndinkati, ndikalankhula ndine chilombo, ndikakhala chete ndine wakupha, nanga ndine chiyani ine? Masiku awiri sindinalawe kanthu. Kupemphera ndinalephera. Ndinkaona kuti ngakhale Mulungu akandiyandikira agwira mphuno.

Tsiku lachiwirilo anandipeza mayi wina wa ntchito pachipatalapo, mayi Agata, wamasiye wa ku Nambuma, amene ankatsuka zilonda ndi kuchapa mabandeji. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula. Anaima, anandiyang'ana ndikudzimenya. Sanandigwire dzanja. Sanati pepani. Anangoti, "Mukamaliza pamenepo mubwere kuchitsime, mabandeji andichulukira."

Ndinapita, kaya chifukwa chiyani. Tikuchapa zinsanza za mafinya zija, ndinawauza zonse. Za dzina, za nsalu, za aNaphiri. Pomaliza ndinati, "Ine ndine munthu woipa, mayi. Ndinabadwa choncho."

Anati, "Kwanu anthu alipo mitundu ingati?"

Ndinati, "Iwiri. Wofatsa ndi wolongolola."

Anaseka koyamba. "Mudzi wosauka bwanji! Ine pamphasa yotsukira zilonda paja ndaona yambiri. Pali ena, ndikangokhudza bala amakuwa mpaka asisitere kudzidzimuka. Amenewo sandivuta, ndimadziwa msanga pamene pakupweteka. Ena amaseka, nthabwala zili mbwee, misozi ikutsika. Ena mafunso: mankhwalawa ndi ati, mwathiriranji, mawa mudzatani. Amatopetsa, koma saiwala tsiku lobwera. Ndiye pali omeza. Womeza amati zikomo, zikomo, zili bwino, mawa lake wathawa chipatala, akafera kumudzi. Amene amandiopsa ine ndi amenewo. Ndipo ine ndemwe ndine womeza."

Ndinati, "Inu? Koma ndinu munthu wabwino."

Anati, "Sindinati wabwino kapena woipa. Ndati womeza. Malemu amuna anga anadwala chifuwa chaka chathunthu ine ndikuti tidikire, tisavute anthu. Mtundu uliwonse uli ndi pamene umathandiza ndi pamene umapha. Inu ndinu wokuwa amene munabwereka nsalu ya womeza, ndiye sinakukwaneni."

Kenaka anandifunsa funso loti chibadwire palibe anandifunsapo. Anthu onse ankandifunsa kuti, "Bwanji sumva?" Iwo anati, "Kodi mkwiyo wanuwo umayambira pati m'thupimu?"

Ndinati, "Kaya, umangobwera."

"Ayi, palibe mlendo amene amangopezeka ali m'nyumba. Amadzera pakhomo. Muuyang'anire. Musautukwane, musaulume. Mungouona kumene ukudzera ndi chimene chauitana, mudzandiuze mawa pochapa."

Amayi anzanga, ndinayamba kudzizonda ndekha. Poyamba ndinkachita manyazi, kenaka zinayamba kundisangalatsa, ngati ukuphunzira khalidwe la mkamwini watsopano. Ndinapeza kuti umayambira m'makutu. Makutu amatentha, kenaka pakhosi pamauma, ndiye mawu. Ndinapeza kuti ndikakhala ndi njala umafika msanga. Zaka zonse zija ndikuti ndi mzimu wa agogo, pena inali njala chabe!

Tsiku lina kukhitchini mayi wina anaseka nsalu yanga ya zibowo. Makutu anatentha, ndinamuthira mawu mpaka analira. Mawa lake bambo wina anatenga phala la nkhalamba yosaona n'kuyamba kumwa, akuyesa palibe akumuona. Makutu anatenthanso, ndinamukuwira, anabweza mbale. Ndinakawauza mayi Agata zonse ziwiri, mutu uli pansi.

Anati, "Ziwirizi n'zofanana?"

Ndinaganiza. Ndinati, "Ayi. Dzana ndinkadziteteza ndekha chifukwa anandichititsa manyazi. Dzulo ndinkateteza agogo osaona aja."

"Eya. Ndiye wa dzana uja mukamupepese. Wa dzulo musamupepese."

Ndinakapepesa. Sindinafe nazo. Ndipo ndinadya tsiku limenelo, ndinakhuta, kwa nthawi yoyamba chifikire.

Tsopano mverani mmene Mulungu amagwirira ntchito. Patapita masiku, m'mawa wina ndinaona kuti Rozina watentha thupi, ndipo fungo lija labwerera. Ine fungo limenelo ndinkalidziwa kuposa munthu aliyense, ndinagona nalo sabata ziwiri. Pamwamba pa bandeji, cha pa kakolo, panali patatupa. Ndinakauza bambo wina wothandiza adokotala. Anali ndi odwala ambiri, sanayang'ane n'komwe. Anati, "Adokotala adzaona mkuja. Khalani pansi, mayi."

Makutu anatentha. Pakhosi panauma. Dzanja langa linali litagwira kale nsonga ya nsalu, lokha, mwachizolowezi. Ndinaima pamenepo, ndinadzifunsa: uwu ndi uti? Wa manyazi anga, kapena wa mwana? Ndinati, uwu ndi wa mwana. Ndinasiya nsalu.

Sindinawatukwane bambo aja. Sindinanene za mapazi awo kapena za kwawo. Ndinapita kukaima pakhomo la asisitere, ndinakweza mawu onse amene Mulungu anandipatsa.

"Mwendo wa mwana wanga ukuwolanso! Sindichoka pano mpaka wina adzauone!"

Anandiuza kuti ndikusokosa. Ndinati, "Ee, ndikusokosa. Mwendo wa mwana wanga ukuwolanso!" Ndinabwereza, ndinabwereza, odwala mpaka anasuzumira m'mawindo. Asisitere aakulu anatuluka nkhope itafiira. Anapita, anamasula bandeji, anadina pakakolo paja. Mafinya anathovoka, anadzaza kambale. Anatumiza munthu panjinga kukaitana adokotala nthawi yomweyo. Anang'amba, anatsuka, anabaya jakisoni. Pambuyo pake womasulira uja anandiuza kuti akanadikira mkuja, bondo lokha ndilo likanatsala.

Mwendo unapulumuka, abale anga! Unapulumuka! Pakamwa pomwe paja ndinkapamenya mpaka magazi, Mulungu anapagwiritsa ntchito. Aleluya!

Titabwerera kumudzi ndinapita kwa aNaphiri, ndinagwada. Ndinati, "Amayi, dzina lija ndinakutchulani ndinalakwa, mundikhululukire. Koma kutenga mwana kupita naye ku mishoni sindinalakwe, ndipo zitachitikanso ndidzateronso." Kenaka anati, "Tamubweretsa ndimuone." Ataona phazilo analira. Chiyambire tsiku limenelo sanamatenso ndowe pa mwana aliyense.

Lero ndikadali wokuwa. Musayese ndasanduka Felesiya. A Banda anabwerako ku Halale, ndipo akuti sanathawe munthu, anatsata ntchito. Timakangana, timagwirizana, tikulima fodya ndi mtedza wathu. Pena ndimalakwitsabe, ndimathira munthu mawu osayenera. Ndikatero ndimapita kukapepesa, ndikabwerako ndimadya. Sindidzimenyanso. Pamudzi wina akadwala ndipo akuluakulu akuzengereza, amati, "Kaitaneni Mwatitha." Ndimapita.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinatha bwino. Rozina tsopano ndi mtsikana wamkulu, amayenda motsimphina. Mwezi wathawu tinali pakhonde awiriwiri tikusenda mtedza. Anayang'ana phazi lake, anandifunsa mosakweza mawu.

"Amayi, nthawi ija phazi linkawola, inu munkadziwa kuti ku mishoni angandichize?"

Ndikanatha kunena kuti ayi. Ndikanatha kukankhira aNaphiri. Ndinati, "Ndinkadziwa, mwanangu."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinkafuna anthu azinena kuti ndine munthu wabwino."

Rozina anapitiriza kusenda. Mtedza unkangolira m'manja mwake. Kale ndikanathawira kuseri kwa nyumba kukadzitemberera. Tsiku limenelo ndinakhala pomwepo, ndinamulola andiyang'ane. Misozi inkatsika, koma sindinabise nkhope.

Patapita nthawi anati, "Musadzakhalenso chete, amayi. Ngakhale muzilakwitsa, bola ndizikumvani."

Ananyamuka, anatenga mtsuko, anapita kuchitsime akutsimphina.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandigwirire mphuno. Ndikuthokoza chifukwa cha mayi Agata, kulikonse ali. Amayi anzanga, ngati pano pali wina amene amadzinyansa chifukwa cha mmene anabadwira, ndakupemphani, musadikire kuti mtengo wake adzalipire mwana wanu. Wanga analipira zala zitatu, ndipo sizidzameranso.

Zikomo pondimvera. Ambuye akhale nanu.